Kwa achemwali ofuna udokotala wa zinyama koma mtima uli pa ntchito yongodzipereka

Imelo iyi yachokera kwa mtsikana wina amene wangomaliza kumene sekondale, dzina sinditchula, ndipo ndaidula pang'ono poti inali yaitali. Akuti: "Ine ndimakonda zinyama kuyambira ndili mwana, moti Loweruka lililonse ndimapita kukathandiza kumalo ena osungirako agalu ndi amphaka opanda eni ake, sandilipira kanthu. Ndikufuna ndidzakhale dokotala wa zinyama koma makolo akuti ndikungotaya nthawi ndi zaulerezi, akuti ngati ndi udokotala ndikufuna bwanji osangopanga wa anthu. Kodi njira yake imayenda bwanji? Nanga ndikadzamaliza sukulu ndingathe kumangogwira ntchito yodziperekayi basi osakalembedwa ntchito kwina? Chinanso ndinaonererapo opaleshoni ya galu ndipo ndinachita chizungulire mpaka anandikhazika panja, kodi ndiye kuti sindingakwanitse?"

Zikomo achemwali pondilembera. Ndiyamba ndi funso lapakatilo chifukwa ndi lomwe lingakupwetekeni mukalimva molakwika. Yankho lake ndi ayi, simungamangodzipereka basi, ndipo olo zitatheka ine sindingakulangizeni kutero. Sikuti ndikunyoza ntchito yaulere, inenso ndimaigwira ndipo masiku amenewo ndi amene ndimabwerako mtima uli mbee, koma kuti dokotala afike poti n'kupereka tsiku lake lonse kwaulere pamakhala poti pena pake akulandira malipiro, pena pake anaphunzira kugwira mpeni bwinobwino pansi pa munthu womuposa, ndipo pali wina wake amene wagula katemera, ulusi wosokera, mankhwala ogonetsa, magolovesi ndi mafuta a galimoto. Zimene mumaona Loweruka zija ndi zaulere kwa galuyo ndi kwa mwini wake, koma pali amene walipira. Nde ngati mukufunadi kudzathandiza zinyama zosowa kwa zaka zambiri osati miyezi ingapo n'kutopa, konzekerani kukhala dokotala weniweni wolembedwa ntchito kapena wa kiliniki yake, kudziperekako kuzidzakhala pamsana pa ntchitoyo.

Za njira yake sizovuta kufotokoza, kuyendamo ndi kumene kuli kowawa. Mukufunika kukhoza bwino Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, makamaka Chemistry amene ambiri amamupeputsa koma amadzawapeza kutsogolo pa nkhani ya mankhwala. M'maiko ambiri digiri yake ndi ya zaka 5 kapena 6 kuchokera ku sekondale, monga ku UK ambiri ndi zaka 5, ku Onderstepoort ya University of Pretoria ku South Africa ndi zaka 6. Ku America n'kosiyana, umayamba wapanga kaye maphunziro ena a ku koleji kenako zaka 4 za udokotalawo, ndiyeno mayeso a layisensi otchedwa NAVLE. Kulikonse kumene mungaphunzire, digiri payokha siikupatsani chilolezo chogwira chinyama cha munthu, mumayenera kulembetsa ku bungwe loyang'anira madokotala a zinyama m'dziko lomwe mukugwiramo ntchito, ku UK ndi RCVS. Ndipo musanalipire fizi kulikonse, makamaka ngati ndi sukulu yakunja, funsani kaye bungwe la kwanu ngati pepala la sukuluyo amalivomereza, alipo anthu amene anabwerera ndi digiri n'kupeza kuti akufunika mayeso ena owonjezera omwe sankawadziwa.

Sukulu yake musaganize kuti ndi yonyamula tiana ta agalu. Zaka zoyambirira mumakhala ndi mitembo yonunkha formalin, mankhwala oiteteza kuti isaole, kuloweza mafupa, mitsempha, minofu, ndipo chovuta n'choti mnzanu wa udokotala wa anthu akuphunzira thupi la mtundu umodzi pamene inu mukuphunzira galu, mphaka, ng'ombe, mbuzi, nkhumba, hatchi, nkhuku, pena mpaka nsomba, ndipo zonsezi sizifanana ngakhale pang'ono. Ng'ombe ili ndi mimba ya zigawo zinayi ndipo ikatupidwa mpweya ukalephera kutuluka imatha kufa pa maola ochepa. Hatchi sitha kusanza, nde vuto la m'mimba lomwe galu angangolisanza n'kuchira iyo lingaiphe. Paracetamol amene munthu amamwa mutu ukawawa, piritsi limodzi lokha limatha kupha mphaka chifukwa chiwindi chake sichitha kuwaphwanya mankhwalawo mmene chathu chimachitira. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin mukapaka mphaka amayamba kunjenjemera mpaka kukomoka. Ndiye padzafika tsiku loti muvale golovesi yaitali yofika paphewa, mulowetse mkono wonse kumbuyo kwa ng'ombe kuti mumve ngati ili ndi bere, ng'ombeyo ikukufinyani mkono mpaka kuchita dzanzi, mchira ukukumenyani kumaso, aphunzitsi akukufunsani kuti mwamva chani inu simukumva kalikonse koma kutentha basi. Ambiri amene anabwera chifukwa chokonda amphaka amakhumudwa apa, ena nde amadzazindikira kuti ng'ombe ndi zimene amazikonda.

Tsopano za makolo anu. Musawaone ngati adani ayi, akuopa kuti mwana wawo adzavutika, koma mfundo yawo yoti udokotala weniweni ndi wa anthu okha ndiyo ndikuikana. Ntchito imeneyi sinayambike chifukwa cha agalu a pa sofa. Sukulu yoyamba ya madokotala a zinyama anaikhazikitsa Claude Bourgelat ku Lyon, France mu 1761, nthawi imene mliri wa ng'ombe wa rinderpest unkapululutsa makola ku Ulaya, ndipo ng'ombe zikatha anthu ankagwa m'njala. Matenda omwewo atalowa mu Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 anapha ng'ombe zochuluka zedi kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1890, anthu odalira ng'ombe anafa ndi njala ambiri. Amene anapanga katemera wodalirika wa matendawa anali dokotala wa zinyama, Walter Plowright, akugwira ntchito ku Muguga ku Kenya, ndipo mu 1999 anamupatsa World Food Prize, mphoto ya chakudya osati ya zinyama, chifukwa aliyense ankadziwa kuti amene anapulumuka ndi anthu. Chinyama chomaliza chodziwika kuti chinali ndi rinderpest chinapezeka ku Kenya mu 2001, ndipo mu 2011 analengeza kuti matendawa atheratu padziko lonse. M'mbiri yonse matenda amene athetsedwa chonchi ndi awiri okha, nthomba ya anthu ndi rinderpest.

Chimene chimandisangalatsa pa nkhani ya rinderpest, ndipo chikukhudza inuyo mwachindunji, ndi mmene anamalizira. Madera omaliza anali ovuta kufikako, monga kum'mwera kwa Sudan kumene kunali nkhondo ndi madera ena a Ethiopia, kopanda magetsi kopanda firiji. Atapanga katemera wopirira kutentha, amene anakabaya ng'ombe zambiri kumeneko sanali madokotala a madigiri koma abusa a ng'ombe omwewo ataphunzitsidwa kubaya ndi kuzindikira zizindikiro, dokotala ali kumbuyo kuwayang'anira ndi kuwerengera. Ndiye mukamamva ndikunena kuti dokotala wodzipereka wabwino ndi amene amaphunzitsa ena, sindikungolankhula zokometsera.

Koma nkhani yomwe mungawauze makolo anu n'kumva msanga ndi ya chiwewe. Bungwe la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse, mpaka 99 pa 100 alionse, amachitenga kwa galu. Anthu 4 pa 10 alionse olumidwa ndi ana osakwana zaka 15. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, kuopa madzi kuja, dokotala wa anthu palibenso chimene angachite koma kumuchepetsera ululu. Katemera wa munthu wolumidwa alipo kuyambira pomwe mnyamata Joseph Meister anabayidwa katemera wa Louis Pasteur mu 1885, koma ndi wodula ndipo sapezeka paliponse, njira yotchipa komanso yothetseratu vutoli ndi kubaya agalu. Nde amene amapulumutsa mwana uja ku chiwewe ndi munthu amene anabaya galu miyezi isanu m'mbuyomo, mwanayo ndi makolo ake sadzamudziwa n'komwe, palibe adzabwere kudzamuthokoza. Ngati mukufuna ntchito yoti anthu azikuimbirani m'manja iyi si yake.

Apa nde pali phunziro lalikulu la kudzipereka lomwe ambiri salifuna chifukwa ndi la masamu osati la mtima. Kuti chiwewe chisiye kuyenda pakati pa agalu m'dera, pamafunika kubaya agalu osachepera 70 pa 100 alionse, ndipo chaka ndi chaka, poti agalu amafa msanga ena n'kubadwa, amene munabaya chaka chatha ambiri kulibenso. Mukabaya agalu 300 mudzajambulitsa zithunzi zokongola, koma ngati m'deramo muli agalu 2,000 chiwewe chikuyendabe ngati kuti simunabwere. Tsiku la kampeni likamayenda bwino limaoneka chonchi: m'mamawa katemera ali mu kula bokosi ndi ayezi, akuyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, wina ntchito yake ndi kungoonetsetsa kuti bokosilo lili pamthunzi ndipo silikutsekulidwa chisawawa. Mzere wa agalu wafika kale, ambiri abwera ndi ana ang'onoang'ono, wina wamanga galu ndi waya wina wamunyamula m'manja, agalu akuuwana fumbi lili koboo. Mwini galu amamugwira mutu n'kumupanikiza pamiyendo, wobaya amatsina chikopa cha pakhosi kumbuyo kapena pantchafu, mililita imodzi, masekondi ochepa zatha, kenako wina amapaka penti pamutu pa galuyo, wina akulemba khadi, wina akulowetsa mu foni kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi, wamkulu kapena mwana. Ndiyeno mawa lake, pamene aliyense watopa ndipo kamera zapita, anthu awiri amayenda wapansi msewu ndi msewu kuwerenga agalu onse amene akuwaona, angati ali ndi penti angati alibe. Akapeza kuti apenti sakukwana 70 pa 100, gulu lonse limabwereranso khomo ndi khomo, pena ndi maukonde ogwirira agalu osagwirika aja. Mwa ntchito zonsezi ya dokotala yeniyeni ndi yochepa, zambiri ndi za anthu ngati inu pompano, ndipo ine ndimati wowerenga penti uja ndi wofunika kuposa wobaya.

Umu ndi mmene bungwe la Mission Rabies, lomwe linayamba mu 2013, linagwirira ntchito ku Goa ku India limodzi ndi boma la kumeneko, kubwereza chaka ndi chaka, kuphunzitsa ana m'masukulu, kuyeza agalu okayikitsa, mpaka mu 2021 Goa analengezedwa kuti ndi dera lomwe chiwewe chachepetsedwa kwambiri ndipo chikuyang'aniridwa. Zinatenga zaka zimenezo, osati wikendi imodzi.

Nde kumalo kumene mukupita Loweruka kuja musamadzione ngati mukungotaya nthawi, bola muzipita ndi maso. Ntchito yokolopa makola ija imene mwina imakunyansani ndi mankhwala enieni. Pali matenda otchedwa parvo amene amapha tiana ta agalu ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, fungo lake mukalimva kamodzi simudzaliiwala, kachilombo kake kamakhala pansi miyezi yambiri ndipo sopo wamba sakapha, pamafunika bulitchi wosungunula bwino, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 30 a madzi, mutachotsa kaye ndowe zonse chifukwa bulitchi pa ndowe sagwira ntchito. Amene amafalitsa parvo m'malo osungira agalu nthawi zambiri ndi munthu wachifundo, wanyamula kagalu kodwala kukapepesa kenako ndi manja omwewo ndi nsapato zomwezo walowa mu khola la tiana tabwinobwino. Choncho phunzirani kuyamba ndi athanzi kumalizira odwala, kusintha nsapato, kusamba m'manja. Pemphaninso kuti azikuikani pa agalu amene angotuluka ku opaleshoni, pamenepo mudzaphunzira zambiri kuposa kuonerera mpeni. Mumakhala pansi pambali pake, mwamufunditsa bulangeti poti mankhwala ogonetsa amatsitsa kutentha kwa thupi, mukuwerenga kapumidwe, mukukweza mlomo kuona nkhama ngati zili zofiirira bwino, mukadina ndi chala ziyere kenako mtundu ubwerere pasanathe masekondi awiri, zikakhala zotuwa kapena zikuchedwa mukuthamanga kukaitana dokotala chifukwa mwina mkati mukutuluka magazi. Gulani kope muzilemba zimene mwaona tsiku lililonse, chinyama chanji, chimadwala chani, anachipatsa chani, zinatha bwanji, dokotala azikusainirani. Masukulu ambiri amafuna umboni woti munagwirapo zinyama, ndipo musangokhala pa agalu ndi amphaka, kapempheni malo pa famu ya ng'ombe za mkaka, pa khola la nkhumba kapena la nkhuku, olo kukaona kophera nyama, chifukwa kuyeza nyama isanapite kwa anthu ndi ntchitonso ya madokotala omwewa.

Koma pali mzere umene musadumphe. Wina akadzakuuzani kuti poti mwazolowera bwerani mufule galu uyu, kapena mupatseni jakisoni wogonetsa, kanani, olo akhale wamkulu wa pamalopo. Galu wopanda mwini si wophunzirirapo chifukwa choti palibe adzadandaule. Izi ndikunena ndi mkwiyo pang'ono chifukwa pali mapulogalamu ena amene amatenga ndalama zambiri kwa ophunzira ochokera m'maiko olemera kuti abwere masabata awiri kumaiko osauka kudzapanga maopaleshoni amene kwawo sangaloledwe n'komwe, zithunzi pa Instagram zili mbwee, atakwera ndege galu uja chilonda chaphulika matumbo ali panja palibe womuona. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Sindikuti onse obwera kudzathandiza ndi otero, alipo ochita bwino kwambiri amene amaphunzitsa madokotala a m'deralo ndipo wophunzira aliyense amakhala ndi womuyang'anira pambali, koma musanalowe gulu lililonse funsani kuti dokotala wa layisensi amene akuyankha pa zonsezi ndani, chinyama chikadwala patatha masiku atatu chipita kwa ndani, mankhwala opha ululu akuperekedwa kapena ayi, ndiponso ngati ntchito yaulereyo sikulanda makasitomala a dokotala wa m'deralo amene amakhalapo chaka chonse, chifukwa iyeyo akatseka kiliniki ndiye kuti derali latsala lopanda aliyense. Akakwiya ndi mafunso amenewa mwadziwa kale.

Mwina muzidziwanso kuti mabungwe ena akuluakulu othandiza zinyama sanayambitsidwe ndi madokotala. Maria Dickin anatsegula PDSA mu 1917 m'chipinda chapansi ku Whitechapel ku London kuti anthu osauka azibweretsa ziweto zawo kwaulere, ndipo madokotala a nthawiyo analimbana naye kwambiri, mwa zina chifukwa ambiri omuthandiza analibe maphunziro a udokotala. Dorothy Brooke anatsegula chipatala cha mahatchi ku Cairo mu 1934 ataona mahatchi akale a nkhondo akuvutika m'misewu. Ndikutchula izi kuti ngati magiredi sadzakwana musadzaone ngati chitseko chatsekeka, pali unesi wa zinyama, pali madipuloma a zaumoyo wa ziweto a zaka ziwiri kapena zitatu, pali a labu, pali oyendetsa mabungwe omwewo, ndipo ena amayambira pa dipuloma n'kudzakwera.

Mukadzamaliza digiri, zaka ziwiri zitatu zoyambirira musathamangire kukakhala nokha kumalo osungira agalu kumene inuyo ndinu dokotala yekhayo, olo mtima ukukoka bwanji. Pezani ntchito pamene pali dokotala wamkulu woleza mtima, olo malipiro akhale ochepako kusiyana ndi kwina. Opaleshoni yotseka galu wamkazi anthu amaiona ngati yaing'ono poti imachitika tsiku ndi tsiku, koma ndi kutsegula mimba n'kuchotsa chiberekero ndi mazira, ndipo galu wamkulu wonenepa mtsempha ukapulumuka pa mfundo mimba imadzaza magazi mukuona, pamenepo mumafuna munthu woti mungomukuwira alowe. Dokotala watsopano imamutengera ola kapena kuposa, wozolowera amamaliza pa mphindi zochepa ndi kabala kakang'ono, ndipo pa tsiku lodzipereka pamene agalu 30 akudikira panja liwiro ndi ukhondo umenewo ndi mphatso yeniyeni imene mungapereke. Imapezeka pa ntchito ya tsiku ndi tsiku yolipidwa ija.

Njira zake pambuyo pake ndi zambiri kuposa mmene anthu amaganizira, kiliniki ya agalu ndi amphaka, ziweto za pa famu, boma kuyang'anira miliri ndi malire, makampani a mankhwala ndi zakudya za ziweto, kafukufuku, kuphunzitsa, nyama zakutchire. Ndipo nthawi zambiri njira imakupeza wekha uli pa ntchito. Gladys Kalema-Zikusoka wa ku Uganda anaphunzira ku Royal Veterinary College ku London, anabwerera kwawo kukakhala dokotala woyamba wa bungwe loona nyama zakutchire, ndipo atangoyamba kumene anyani akuluakulu aja a gorilla a m'nkhalango ya Bwindi anagwidwa mphere, kamwana kamodzi mpaka kanafa. Atafufuza anapeza kuti mpherezo zikuoneka kuti zinachokera kwa anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango amene analibe chithandizo chokwanira cha chipatala. Mapeto ake mu 2003 anayambitsa Conservation Through Public Health, bungwe loteteza gorilla posamalira umoyo wa anthu oyandikana nawo. Analowa chifukwa cha nyama, anakathera m'midzi kukamba za ukhondo ndi zimbudzi.

Ndipo izi ndi zimene ndimafuna aliyense wonena kuti ndimakonda zinyama kuposa anthu amve asanalembetse. Chinyama sichibwera chokha ku kiliniki, chimabwera ndi munthu, ndipo munthuyo pena alibe ndalama, pena wachedwa nacho sabata yathunthu akuyesa mankhwala a mnzake, pena akulira, pena akukutukwanani kuti mumangofuna ndalama pamene inu mukudziwa kuti mankhwalawo munagula pa ngongole. Mudzadziwa bwinobwino chochiza galu koma mwini wake sangakwanitse, ndiye mudzasankha pakati pa chithandizo chochepa ndi kumugonetsa osadzukanso. Kumalo osungira zinyama nde n'kowawa kwambiri chifukwa makola amadzaza. Kafukufuku wa CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti madokotala a zinyama aamuna amadzipha kuwirikiza 2.1 poyerekeza ndi anthu ena onse, aakazi kuwirikiza 3.5. Sindikukuopsezani, ndikungofuna mudziwe kuti anthu amtima wofewa ngati wanu ndi amene ntchitoyi imawadya kwambiri, chifukwa satha kunena kuti ayi. Mukadzangolandira layisensi foni siidzapuma, achibale, anzanu a ku sekondale, anthu oti munakumana nawo kamodzi, aliyense akutumiza chithunzi cha galu pa WhatsApp pakati pa usiku kuti tangondiuzani mankhwala ake, ndipo poti amadziwa kuti mumathandiza kwaulere adzaona ngati ndi ufulu wawo.

Mmene ine ndimaonera, kudzipereka kumene kumakhalitsa ndi kokhala ndi malire olembedwa. Mumasankha gulu limodzi, masiku odziwika pa mwezi, ntchito yodziwika, kaya ndi kutseka agalu ndi amphaka kaya ndi katemera, kunja kwa pamenepo ndinu dokotala wolipidwa ngati wina aliyense ndipo mulibe chifukwa chopepesera. Ine ndimakondera kutseka ndi katemera kusiyana ndi kutola chinyama chilichonse chovulala, ngakhale kutolako ndi kumene kumakoma mumtima, chifukwa mphaka amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere lake ndi la masabata 9 basi, ndipo amatha kuswa kangapo pa chaka, nde mukamangotola ana osatseka make mudzatola mpaka kukalamba. Ena amatsutsa, amati nanga uyu ali apa akuvutikayu timusiye, ndipo sindingawanene kuti akulakwa, kungoti ndalama ndi manja zikakhala zochepa ine ndimadziwa kumene ndingaziike. Musamatengerenso kunyumba chinyama chilichonse chomvetsa chisoni, ambiri amene anathera ndi agalu 40 odwala pakhomo anayamba ndi mtima wabwino womwewu.

Chinthu china chofunika mwamsanga, osadikira digiri: ngati mukugwira agalu osadziwika mbiri yawo, pitani kuchipatala mukafunse za katemera wa chiwewe wobayiratu munthu asanalumidwe, komanso wa kafumbata. Mukalumidwa kapena kukandidwa, olo pang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, muziyang'ana wotchi chifukwa mphindi 15 ndi zambiri kuposa mmene mukuganizira, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, olo munabayitsa kale mumafunikabe majakisoni owonjezera. Ngati pamalo pamene mukuthandizapo sanakuuzenipo zimenezi, afunseni chifukwa chake.

Za chizungulire zija musadandaule nazo n'komwe. M'kalasi iliyonse mumakhala angapo amene amagwa pa opaleshoni yoyamba, ena mwa iwo ndi amene amadzakhala akatswiri a mpeni. Nthawi zambiri si magazi okha, ndi kuima malo amodzi nthawi yaitali m'chipinda chotentha, mwavala masiki, m'mimba mulibe kanthu poti munadzuka ndi mantha, magazi amatsikira ku miyendo mutu n'kuyamba kupepuka. Ulendo wina idyani kaye, imwani madzi, musaumitse mawondo, muzigwedeza zala za kumapazi mu nsapato, ndipo mukangomva kutentha kumaso kapena makutu kulira bwererani m'mbuyo mukhale pansi pomwepo musanagwere pa tebulo la zida, palibe adzakusekeni. Muwapemphenso adokotala akupatseni kantchito m'malo mongoonerera, kaya kuwerenga kapumidwe n'kumalemba pa pepala mphindi zisanu zilizonse, mutu ukakhala ndi chochita chizungulire sichibwera kawirikawiri. Mukayesa kangapo mudzandilembere mundiuze mmene zayendera, ndipo ngati makolo anu ali ndi mafunso awoawo pa za ntchitoyi auzeni alembe okha, ndidzawayankha.